Chiphaso cha Dalaivala Chikhale Mboni Yoona

Munthu akakwera basi pa depoti ya Wenela m'mamawa, nakhala pampando wake, napakata kathumba kake, amachita chinthu chimene makolo athu akadachiyesa chodabwitsa ndithu, pakuti amapereka moyo wake, ndi wa mwana amene ali pamiyendo pake, m'manja mwa mlendo amene sam'dziwa dzina, kapena mudzi, kapena ngati anaona tulo usiku wapitawo. Kale, wofuna kuoloka Shire anali kum'dziwa mwini bwato pamodzi ndi atate ake omwe, ndipo mbiri ya nkhafi yake inali m'kamwa mwa mudzi wonse. Lero m'malo mwa mudzi tapatsidwa kakhadi kokwana m'thumba la malaya, kamene Boma latsimikizirapo kuti munthu uyu ngoyenera. Kakhadi kameneka ndiko mboni yathu tonse, ndipo mboni ikanama, oyamba kulira ndi iwo amene anaikhulupirira.

Lamulo lathu la pamsewu, Road Traffic Act la 1997, silinagone pa nkhani imeneyi. Limafuna kuti woyendetsa akhale ndi laisensi yolingana ndi kulemera kwa galimoto yake: ya B ngati galimotoyo sipitirira makilogalamu 3,500, ya C1 kufikira makilogalamu 16,000, ndi ya C kwa zazikulu zoposa pamenepo. Pamwamba pa laisensiyo, amene anyamula anthu olipira ayenera kukhalanso ndi chilolezo chachiwiri, chija madalaivala amangochitcha PrDP, chimene chili ndi tsiku lake lothera.  Nzeru ya kusiyanitsa ziwirizi njakuya, chifukwa laisensi imanena kuti munthuyu amadziwa chitsulo, pamene PrDP imanena kuti tingathe kum'sungitsa miyoyo. Kuyambira 2015 a Road Traffic amatenganso zidindo za zala ndi chithunzi m'makina a MalTIS, kuti wina asayendere dzina la mnzake.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene anakhalapo pa siteji ya minibasi kwa ola limodzi lokha adziwa kuti dalaivala amene mwini galimoto anam'lemba ntchito, amene mapepala ake ali bwino lomwe, dzuwa likafika pamutu amatsika kukadya nsima, nasiyira makiyi waganyu. Ndipo waganyuyo, amene dzulo anali kondakitala ndipo dzana anali woyitanira, anaphunzira chiwongolero posuntha galimoto pamzere, popanda wina womuuza chimene chichitika mabuleki akatentha pa chitsetso cha Chiweta, pamene msewu ukhotakhota kutsikira kunyanja ndipo giya yolakwika imodzi ikwanira kudzaza chipatala. Mnyamata ameneyu sindimuda, pakuti njala ndiyo yam'kweza pampando umenewo. Chimene chimandiwawa mtima nchakuti apaulendo khumi ndi asanu amene ali kumbuyo kwake akuyesa kuti mboni ija yalankhula za iye, pamene inalankhula za munthu wina amene ali m'lesitilanti. Za madobadoba, amene amalonjeza chiphaso kwa munthu wosafuna kuyesedwa, sindichulukitsa mawu: wogulitsa umboni wotere wagulitsa mwazi wa abale ake, ndipo wogula wadzigulira bokosi.

Palinso china chimene sitichilingalira kawirikawiri, ndicho chakuti ngakhale chiphaso choona chimakalamba. Maso amene anali akuthwa pa tsiku la mayeso amachita khungu pang'onopang'ono, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimalowa m'thupi osagogoda, ndipo zizolowezi zoipa zimamera ngati namsongole m'munda wosapalira. Anansi athu a ku South Africa, kumene mabasi athu amapita tsiku ndi tsiku kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, salola munthu wosakwana zaka 21 kunyamula anthu olipira. Amafuna kalata ya dokotala, amafufuza ngati m'zaka 5 zapitazo sanapezeke wolakwa pa mlandu woyendetsa ataledzera kapena mosasamala, ndipo chilolezocho chimatha pakapita zaka 2. Ku Britain anapitirira apo. Kuyambira mu September 2008, dalaivala wa basi, ngakhale akhale wa imvi zakezake, ayenera kubwerera m'kalasi kwa maola 35 pa zaka 5 zilizonse kuti khadi lake la ukatswiri likhalebe lamoyo, ndipo wopezeka akugwira ntchito popanda khadilo angathe kulipitsidwa mpaka mapaundi 1,000. Pa maulendo ataliatali lamulo la ku Ulaya limati woyendetsa apumule mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo m'basimo muli kachipangizo kolemba maola amene gudumu lazungulira, kotero kuti tulo ta dalaivala nato tili ndi mboni yake.

Ndikudziwa chimene madalaivala adzandiyankhe, ndipo ndichilandira ndi manja awiri. Adzati, "Bwana, ife tili ndi tageti, mwini galimoto akufuna ndalama yake madzulo, mafuta akwera, ndipo tsiku limene ndikhala m'kalasi ana anga agona ndi njala." Mawu amenewa ngoona, ndipo ndi chifukwa chake ndikuti katundu ameneyu asasenzetsedwe wantchito yekha. Mutu umodzi susenza denga. M'masiku a mabasi a United Transport Malawi, kampani ndiyo inali kudziwa madalaivala ake ndi kuyankha za iwo. Lero, pamene mabasi ali m'manja mwa eni ambirimbiri, udindo umenewo wamwazika ngati mapira pabwalo, ndipo ngozi ikachitika womangidwa ndi dalaivala, mwini nakhala kunyumba kuwerengera za inshuwalansi. Amene adya phindu la galimoto ndiye alipire maphunziro a woyendetsa wake, ndipo galimoto ikagwidwa ili m'manja mwa munthu wopanda PrDP, chilolezo cha mwiniyo chonyamulira anthu chigwedezeke pamodzi ndi thumba lake. Akadziwa zimenezi, iye yekha adzafunsa kuti makiyi akhala ndi yani masana.

Kwa akuluakulu a ku Unduna wa Zamtengatenga ndi aphungu athu ndipempha modzichepetsa zinthu zosavuta kuzilemba m'malamulo. Pokonzanso PrDP, dalaivala akhale masiku awiri kapena atatu pamaso pa mphunzitsi wovomerezeka, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka ngati ndicho chimene amva bwino, aphunzirenso za kutsika phiri ndi katundu, za kutopa, za thandizo loyamba kwa ovulala. Basi ya ku Johannesburg kapena ya usiku ya ku Karonga isatuluke m'depoti ndi dalaivala mmodzi. Ndipo khadi la woyendetsa, lokhala ndi chithunzi chake chachikulu ndi tsiku lothera, lipachikidwe pamwamba pa galasi la kutsogolo, poonekera kwa onse, kuti mayi wochokera ku Lizulu ndi dengu lake la tomato, asanapereke ndalama kwa kondakitala, athe kuyang'ana nkhope ya pachithunzi, nayang'ananso nkhope ya amene wagwira chiwongolero, ndipo zikasiyana atsike akadikire ina.