Makolo Anzanga, Tiidziwe Nkhondo Imene Ana Athu Akumenya pa Foni

Makolo anzanga, abambo ndi amayi, agogo, amalume ndi azakhali, ndi nonse amene m'nyumba zanu mukukulira ana, ndiloleni ndilankhule za chinthu chimene chalowa m'makomo mwathu ife tikupenya, koma ambiri a ife sitinavutikepo n'kuchifunsa dzina. Foni tinagula ndife, bandulo timalipira ndife, koma mwana akaweramira pa kagalasi kaja, zala zikuthamanga, nkhope itachita tsinya, timangoti "akusewera gemu" n'kupitiriza zathu, ngati kuti mawu awiriwo atimasula ku udindo wodziwa. Kholo limene silingalole mwana kukagona ku nyumba imene silikuidziwa lamulola mwana yemweyo kuthera maola m'bwalo limene silinalionepo, pamodzi ndi anthu amene silidzawaona nkhope.

Magemu alipo amitundumitundu, koma ndikunena za mtundu umodzi umene osewera amautcha MOBA. Unayamba kutchuka mu 2003, pamene osewera wamba anakonza bwalo lawolawo mkati mwa gemu ya Warcraft III n'kulitcha Defense of the Ancients. Makampani ataona kuti anthu alikonda, Riot Games ya ku America inatulutsa League of Legends mu 2009, Valve inatsatira ndi Dota 2 mu 2013, ndipo a ku China anaulowetsa mtunduwu m'foni, Tencent ndi Honor of Kings mu 2015, Moonton ya ku Shanghai ndi Mobile Legends: Bang Bang mu 2016. Kuchokera apo sipafunikanso kompyuta yodula; foni ndi kabandulo zakwana, pakuti gemuyo imaperekedwa mwaulere.

Kaseweredwe kake n'kotere. Pamakhala anthu khumi, asanu mbali ino, asanu mbali inayo, ndipo onsewo ndi anthu enieni, aliyense ali kwawo, ambiri osadziwana. Timu iliyonse ili ndi linga lake pa ngodya ya bwalo, ndipo kuchokera ku linga lina kupita ku linzake pali misewu itatu, wakumtunda, wapakati ndi wakumunsi, pakati pa misewuyo pali tchire lokhala zilombo. M'misewu monsemo mwaima nsanja zimene zimawombera mdani aliyense wofika pafupi, ndipo m'linga lililonse mumatuluka magulu a tiasilikali toyendetsedwa ndi kompyuta, mu Dota 2 masekondi 30 aliwonse, timene timangoguba kutsata msewu mpaka titakumana ndi tinzake ta adani. Opambana si amene apha anthu ambiri ayi, koma amene agwetsa nsanja imodzi ndi imodzi mpaka kukaphwanya chimango chimene chili pakati pa linga la adani, chija mu League of Legends amati Nexus, mu Dota 2 amati Ancient.

Wosewera aliyense amasankha ngwazi imodzi, imene anawo amaitcha hero, mwa ngwazi zoposa 100, iliyonse ili ndi mphamvu zake ndi zofooka zake, ndipo asanuwo amagawana ntchito. Wina amatenga ngwazi yolimba thupi yoti iziima kutsogolo n'kulandira mikwingwirima m'malo mwa anzake. Wina amatenga yoponya mivi, yofooka poyamba koma yoopsa ikalemera. Wina amayendayenda m'tchire kupha zilombo n'kutulukira mwadzidzidzi pamene mnzake wapanikizika. Ndipo wina amavomera kukhala mthandizi, wosatola chuma, ntchito yake kuchiritsa anzake ndi kuunika malo amdima kuti adani asawabisalire. Onse amayamba ali osauka, ndipo amakula ndi golide amene amagulira zida. Mukadzamuona mwana wangoti duu, osamenya, akungozungulirazungulira kumbuyo kwa tiasilikali take, dziwani kuti akuyang'ana kamzere ka moyo kali pamutu pa kamsilikali ka adani, kudikira kuti katsale pang'ono ndithu, chifukwa mu League of Legends ndi Dota 2 golide amapita kwa amene wamenya nkhonya yomaliza. Akafulumira wataya, akachedwa watayanso. Ngwazi ikaphedwa imadzukanso ku linga, koma mwini wake amayamba wadikira, poyamba masekondi ochepa, kumapeto mwina mphindi yathunthu, ndipo amene wamupha amalandira golide, kotero kuti kulakwa kwa mmodzi kumanenepetsa adani a onse asanu. Chakumapeto matimu amakokana ku chilombo chachikulu, Baron Nashor, Roshan kapena Lord malinga ndi gemu yake, ndipo ndewu imodzi ya masekondi owerengeka imatha kugubuduza ntchito ya theka la ola.

Ndinene mosabisa kuti awa si masewera opusa. Amafuna kudekha, kuwerengera, kumvana ndi kudzimana, ndipo mwana amene waloweza mphamvu za ngwazi zonsezo, yemwe uja aphunzitsi akuti saloweza kanthu, watisonyeza kuti mutu ulipo. Ndiye amene akuti foniyo ingoponyedwa m'chimbudzi sanayankhe funso, monganso sanaliyankhe amene amangoseka n'kumati ana a masiku ano ndi ochenjera.

Pagona nkhani ndi apa: mpikisano ukayamba suimitsidwa. Pa foni umatha mphindi 10 mpaka 20, pa kompyuta umafika theka la ola ngakhale kupitirira, ndipo m'magemu ambiri a mtunduwu mulibe batani loimitsira. Ngakhale mu Dota 2 mmene lilimo, adani amatha kuyambitsanso pakangopita masekondi ochepa. Wochoka pakati amasiya anzake anayi akulimbana ndi asanu, monga wosewera mpira amene watuluka m'bwalo mpira uli mkati popanda wolowa m'malo mwake, ndipo gemuyo imamulanga: mu Mobile Legends amamuchotsera mapointi a khalidwe mpaka kumuletsa mipikisano ina, mu League of Legends amamudikiritsa asanalowenso, mu Dota 2 amamuponya m'gulu la othawathawa anzake. Tsono mayi akaitana kuti nsima yapsa, mwana n'kuyankha kuti "dikirani pang'ono, Amayi" maso ali pa foni, ife timamva mwano, iye akumva anthu anayi akumukalipira m'khutu. Sindikuikira kumbuyo mwano. Mwana woyankha kholo osadzutsa mutu walakwa, ndipo auzidwe. Koma kulakwako sikunayambe pamene amayi anaitana, kunayamba pamene iye anadina batani lofunafuna mpikisano akudziwa kuti madzi sanatunge, homuweki sanalembe, ndipo ndiwo zatsala pang'ono kupsa. Pamenepo ndi pamene pamafunika mawu a kholo, ndipo pamenepo ndi pamene ife timasowa. Timatulukira mochedwa, kulanda foni pakati pa nkhondo, kukalipa, mawa lake n'kuibweza osanena kanthu, ndipo mwana amaphunzirapo chinthu chimodzi chokha, chakuti azisewera pamene sitikumuona. Lamulo limene mwana angalimvetse ndi lakuti asalowe mpikisano umene alibe nthawi youmaliza, ndi kuti apemphe chilolezo asanayambe. Koma lamulo lotere angaliike ndi yekhayo amene akudziwa kuti mpikisano ndi wautali bwanji.

Palinso makwerero a maudindo, amene anawo amati rank. Mu Mobile Legends munthu amayambira pa Warrior n'kumakwera kudzera pa Epic ndi Legend kulinga ku Mythic, kupambana kukumupatsa nyenyezi, kugonja kukumulanda. Wogonja safuna kugona ali wogonja, wopambana safuna kusiya mwayi ukadalipo, ndipo umo ndi mmene "kamodzi komaliza" kamafikira pakati pa usiku, m'bulangete, mwana woti mawa ali ndi mayeso. Bungwe la World Health Organization linavomereza mu 2019 kuti kulephera kudziletsa pa magemu, mpaka sukulu, tulo ndi abale kutayidwa kwa nthawi yaitali, kukhale m'ndandanda wa matenda, ngakhale kuti ndi osewera ochepa amene amafika pamenepo. Ku China, kwawo kwenikweni kwa Honor of Kings, Tencent inayamba mu 2017 kuletsa ana osapitirira zaka 12 kusewera gemuyo kupitirira ola limodzi pa tsiku, ndipo mu 2021 boma linalamula kuti osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti kuyambira 8 koloko mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi basi. Sindikuti boma lililonse lichite zomwezo. Ndikungoti tichite manyazi: eni ake ophika anaona kuti pafunika muyeso, ife olandira tikupereka kwa ana athu popanda muyeso uliwonse.

Chimene chimandiwawa koposa ndi pakamwa. M'gemu muli polemberana ndi polankhulana, ndipo popeza kulakwa kwa mmodzi kumapweteka onse, wolakwayo amatukwanidwa, amatchedwa noob, kutanthauza mbuli pa masewerawo, amauzidwa kuti afufute gemuyo, nthawi zina amatukwanidwira mayi ake ndi khungu lake. Mwana wa zaka khumi angathe kumva zimenezi kuchokera kwa bambo wandevu wa ku dziko lina, n'kuzima foni ali ndwii, ife n'kumati wayamba matukutuku. A Riot Games anaika zaka 13 ngati malire a kutsegula akaunti, koma mwana amangolemba chaka chabodza, ndipo palibe amamufunsa chifukwa woyenera kufunsayo ndi ife. Tisathamangirenso kunena kuti athu ndi ozunzidwa okhaokha. Mwana amene amagwada potipatsa madzi angathe kukhala yemweyo amene usiku akulembera mwana wa eni mawu oti sangawatchule pamaso pathu, pakuti wabisala kuseri kwa dzina lopeka. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanatchule malire a dziko. Wotukwanidwa ku Manila kapena ku Nairobi ali ndi mayi ake, ndipo ngati wotukwanayo wakulira pakhomo pathu, mlanduwo ndi wathu. Batani lotsekera pakamwa wotukwana lilipo, lokamuneneza kwa eni gemu liliponso, koma ndani anakhala pansi ndi mwana kumuuza kuti alidine m'malo mobwezera? Ndani anamuchenjeza kuti mlendo womulonjeza mphatso, n'kumupempha pasiwedi, nambala ya WhatsApp kapena chithunzi, si mnzake?

Za ndalama ndinene mwachidule. Makampaniwa amapeza phindu pogulitsa zovala za ngwazi, zotchedwa skin, zimene kwenikweni zimangosintha maonekedwe, ndipo zina zimapezeka mwa maere, kulipira osadziwa chimene chituluke, njira imene sitalikirana ndi juga. Kholo limene linauza mwana nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni kuti azikaligulira mayunitsi lisadabwe. Mwana akadzanena kuti adzalemera nazo, sakunama kotheratu: mpikisano wa Dota 2 wa The International mu 2021 unali ndi mphotho zoposa madola 40 miliyoni, ndipo Faker wa ku South Korea ndi wotchuka dziko lonse chifukwa cha League of Legends. Koma ofika pamenepo ndi owerengeka mwa mamiliyoni, ndipo ali ndi makochi, netiweki yosadukaduka ndi magetsi osathima.

Pempho langa n'lakuti sabata ino aliyense wa ife akhale pambali pa mwana kwa mpikisano umodzi wathunthu, osakalipa, n'kumufunsa kuti ngwazi yake ndi iti, ntchito yake m'timu ndi yotani, anzake anayiwo akuwadziwa kapena ayi, ndipo polemberana paja palembedwa chiyani. Tikatero tipangane naye nthawi yosewera, ndipo foni izigona kuchipinda kwa makolo. Koma nyumba imodzi payokha siingathe, chifukwa woletsedwa kwawo amangosamukira pa khonde la oyandikana nawo kumene kuli Wi-Fi, kapena amabwereka foni ya msuweni. Tiuzane malamulo athu pa mpanda, tiikambe nkhaniyi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kumpingo ndi kumzikiti, ndipo amene ali ndi malo otchajira mafoni asamangoyang'ana ana a yunifolomu atakhala pamenepo nthawi ya sukulu. Inu anansi anga, mukadzamupeza wanga ali pakhonde panu dzuwa litalowa, mulekeni amalize mpikisano umene wauyamba, kenako mumulande foniyo, mubwere naye kuno. Sindidzakufunsani kuti mwachita zimenezi ngati ndani.