Chilonda chosapola tisamangochimanga nsanza

Mwezi wa Okutobala kuno ku Mwenilondo m'nyumba simugoneka chifukwa cha kutentha. Timayala mphasa pabwalo, ana osavala malaya, masikito atatsala m'kati. Timaopa udzudzu chifukwa umalira m'khutu, koma akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Pali kantchentche kena kouluka mwakachetechete, kotalika mamilimita 2 kapena 3 basi, komwe azachipatala amakatcha sandfly. Masana kamabisala m'ming'alu ya zipupa, m'mauna ndi m'zulu, ndipo kamaswana m'dothi lachinyontho lokhala ndi zowolerana. Kakakazi ndiko kamaluma, kuyambira chisisira mpaka mbandakucha. Ngati kanyamula tizilombo, kamasiya matenda a leishmaniasis.

Mtundu wina wa matendawa umabweretsa chilonda chotenga miyezi osapola. Wina, wotchedwa kala-azar, umalowa m'kati: thupi limatentha kwa masabata, munthu amawonda, magazi amachepa, kapamba amatupa. Bungwe la WHO likuti mwa odwala kala-azar 100 osalandira mankhwala, oposa 95 amamwalira. Ku Sudan, South Sudan, Ethiopia ndi Kenya akuwadziwa bwino matendawa.

Wina anena kuti izi n'zakutali. Zoonadi, m'Malawi sapezekapezeka. Komatu mu 1993 madokotala analemba za anthu awiri opezeka ndi leishmaniasis yapakhungu kumpoto konkuno. Pakati pa madokotalawo panali ofufuza za khate ku Chilumba, ntchito yomwe inayamba mu 1979. Ofufuzawa anali ndi chizolowezi choyang'anitsitsa khungu ndi kutengako kachidutswa kukayeza. Chosafunidwa sichipezeka.

Malume anga anakhala ndi chilonda pamwendo dzinja lathunthu. Ankachimanga nsanza polowa m'munda wa mpunga, abale akunong'onezana kuti awaponda. Komwe anapita kukafuna thandizo anangowapatsa mankhwala opaka, kawiri konse. Sindikunena kuti inali leishmaniasis. Chimandiwawa n'chakuti palibe amene anachiyeza, ndipo mpaka lero amayenda ndi chipsera chopanda dzina.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti alangizi a zaumoyo a m'midzi yathu aphunzitsidwe kuzindikira zilonda zotere. Wodwala amene thupi likungotenthabe, pomwe malungo sakupezeka m'magazi, asamabwezedwe ndi panado yekha. Boma lathu la Karonga ndi khomo la dziko, anthu amalowa ndi kutuluka pa chipata cha Songwe tsiku lililonse, choncho maso a achipatala kuno ayenera kukhala akuthwa.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Timate ming'alu ya zipupa, tisese zinyalala, makola atalikireko kunyumba. Tikagona panja, timange masikito amankhwala pomwepo, chifukwa mankhwalawo amathandizanso pa kantchentcheka.

Abale anga a ku Mwenilondo, chilonda chikatha mwezi osapola, chimasuleni nsanzayo, pitani nacho kuchipatala ndipo mukapemphe kuti achiyeze.