Wodwala Watuluka M'cipatala: Kodi Nyumba Yakonzeka Kumlandira?

Palibe uthenga umene umakondweretsa banja lodwazika matenda ngati wakuti wodwala wao watulutsidwa m'cipatala. Pakhomo pamasesedwa, nkhuku imaphedwa, ndipo anansi amabwera kudzalonjera. Koma pakati pa cimwemwe cimeneci pali funso limene kawirikawiri limaiwalika, ndipo ndilo tifuna kukambirana mwezi uno. Thupi la munthu amene wabwerayo lasintha, koma nyumba idakali monga anaisiyira. Sitepe ya pakhomo imene kale anali kuikwera osayang'ana, lero ingamgwetse. Cimbudzi ca kuseri kwa nyumba, cimene anali kupitako usiku mumdima, tsopano camtalikira. Kodi nyumbayo idzamthandiza kucira, kapena idzambwezera ku cipatala?

Nchito ya oyendera nyumba

Pakati pa anchito a zaumoyo pali ena amene maphunziro ao amachedwa occupational therapy. Bungwe lao la pa dziko lonse, World Federation of Occupational Therapists, linakhazikitsidwa m'caka ca 1952. Nchito yao imayenderana ndi ya anzao a physiotherapy, koma si imodzi. A physiotherapy amalimbitsa minofu ndi kuphunzitsanso ziwalo kuyenda. A occupational therapy amafuna kudziwa ngati munthuyo, ndi mphamvu zimene ali nazo lero, angathe kudzuka, kusamba, kubvala, kudya, kupita ku cimbudzi ndi kubwerera ku nchito zimene zimampatsa ulemu. Cifukwa cace amayendera nyumba ya wodwala, makamaka wodwalayo asanatuluke m'cipatala, kuti aone ndi maso ao malo amene moyo wace udzapitirira.

Akafika panyumba amayang'ana zinthu zitatu pamodzi: munthu mwini, nchito zimene afunika kucita tsiku ndi tsiku, ndi malo amene adzacitira nchitozo. Amafunsa wodwala cimene afunitsitsa kudzicitira yekha, amayeza makomo ndi masitepe, ndipo amampempha kuti awaonetse m'mene amadzukira pa bedi kapena m'mene amakhalira pa mpando. Kumva kwa abale kokha sikukwanira, pakuti abale angathe kucepetsa bvuto cifukwa ca manyazi, kapena kulikulitsa cifukwa ca mantha.

Akatswiri amenewa ndi ocepa m'dziko lathu, ndipo mabanja ambiri a m'makomboni ndi m'midzi sadzawaona akugogoda pakhomo. Komabe njira yao yoyang'anira nyumba ingathe kuphunziridwa ndi banja liri lonse, ndiponso ndi onse amene amayendera odwala m'makomo. Tiyeni titenge citsanzo ca munthu wacikulire amene wadwala sitiroko, ndipo dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zafooka.

Ngozi yoyamba: kugwa

Mu 2021 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira caka ndi caka cifukwa ca kugwa. Oposa 80 mwa anthu 100 ali onse amene amafa motero ndi a m'maiko osauka ndi a cuma capakati, ndipo amene amafa kwambiri ndi opitirira zaka 60. Mafupa a munthu wokalamba ndi ofooka. Akagwa ndi kuthyoka fupa la m'ciuno, amagona nthawi yaitali, ndipo kugona kumeneko kumaitana zilonda za pamsana, cibayo ndi kutha kwa mphamvu. Ngakhale amene wagwa osabvulala amayamba kuopa kuyenda, ndipo miyendo yosayenda imafookerafookera. Motero kugwa kumodzi kungathe kufafaniza zonse zimene madokotala anacita m'milungu yambiri.

Njira yabwino yoyendera nyumba ndiyo kutsata tsiku la wodwala kuyambira m'mawa kufikira usiku, ndi kudzifunsa pa malo ali onse kuti, “Kodi apa adzagwira ciani, ndipo n'ciani cingampunthwitse?”

Pogona

Kudzuka pa mphasa ya pansi ndi nchito yaikulu kwa munthu wofooka mbali imodzi. Bedi labwino ndi limene munthu akakhala m'mphepete mwace, mapazi onse awiri amaponda pansi bwino, ndipo maondo sakwera kupitirira ciuno. Kwa anthu ambiri msinkhu umenewu ndi pafupifupi masentimita 45. Ngati bedi ndi lalifupi, mmisiri angathe kulikweza ndi matabwa olimba okhomeredwa bwino. Njerwa zongosanjikiza zimagwedera. Wodwala aphunzire kuyamba wakhala kanthawi m'mphepete mwa bedi asanaimirire, pakuti kuimirira mwadzidzidzi kumabweretsa cizungulire, makamaka kwa amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Neti yoteteza ku udzudzu ikhale yosabvuta kutsegula ndi dzanja limodzi, ndipo isalendewere pansi pomwe ingakole phazi. Tochi, madzi akumwa, ndodo ndi foni kapena kabelu koitanira anthu zikhale pafupi ndi dzanja lamphamvu. Ngati wodwala sangathe kudzitembenuza yekha, atembenuzidwe pafupifupi maola awiri ali onse kuti asatuluke zilonda.

Pansi ndi poyenda

Amai athu amanyadira simenti yowala ndi polishi wa Cobra, ndipo ukhondo wotere ndi woyamikirika. Koma pansi poterera ndi msampha kwa munthu woyenda ndi ndodo. M'cipinda ca wodwala ndi m'njira zimene amadutsamo, polishi aleke kaye. Timasaka ndi tinsanza topondapo pakhomo, zingwe za magetsi zodutsa pansi, nsapato za ana, timipando ndi mabeseni, zonsezi zicotsedwe m'njira. Madzi akatayika apukutidwe nthawi yomweyo. Mapatapata amabvuka ndi kupinda, cotero wodwala abvale nsapato zogwira cidendene, zosaterera. Citenje kapena buluku lisakhwekhwerezeke pansi. Ndodo igwiridwe ndi dzanja lamphamvu, utali wace ufike pa mfundo ya dzanja munthu ataimirira manja ali pansi, ndipo kunsi kwace kukhale mphira.

Khomo ndi bwalo

Pa sitepe iri yonse pafunika cogwirira colimba, monga mtengo wokumbiridwa bwino pansi kapena citsulo cokhomedwa ku khoma. Pokwera, mwendo wamphamvu ndiwo utsogole. Potsika, utsogole wofooka pamodzi ndi ndodo. Kwa amene ayenda pa njinga ya olemala, khomo lifunika kukhala lotambalala masentimita osacepera 80, ndipo m'malo mwa sitepe pafunika njira yotsetsereka pang'onopang'ono. Muyezo wodziwika ndi wakuti pa sentimita imodzi ya kukwera pakhale masentimita 12 a utali. Ndiye kuti sitepe yokwera masentimita 15 ifuna njira yotalika masentimita 180. Njira yaifupi kuposa apa imakhala yacitunda, ndipo ingagubuduze njinga pamodzi ndi mwini wace. Pabwalo, maenje akwiriridwe, miyala ndi mizu zicotsedwe, ndipo ngalande za madzi ziikidwe pooloka. Yang'anani bwalolo ndi maso a nyengo ya mvula, pakuti njira youma mu Ogasiti imasanduka matope mu Januwale.

Cimbudzi ndi bafa

Apa ndi pamene ngozi zambiri zimabisala, ndiponso ndi pamene ulemu wa munthu umayesedwa. Cimbudzi cokumba cimafuna kunjuta, ndipo munthu wofooka mwendo sangathe kunjuta ndi kudzukanso. Mankhwala ace ndi apafupi: mpando wolimba wa matabwa woboola pakati, woikidwa pamwamba pa dzenje, ndi mtengo wogwirira m'mbali. Mpando womwewo, ndi ndowa yobvundikira pansi pace, ungathe kulowa m'cipinda usiku kuti wodwala asayende mumdima. Onetsetsani kuti pansi pa cimbudzi ndi polimba, ndiponso kuti citseko cingatsegulidwe ndi munthu wa kunja ngati wodwala wagwera mkati.

M'bafa, wodwala asambe atakhala pa mpando wosagwedera. Ndere za pansi zikwecedwe, ndipo ndowa iikidwe pamalo okwera kuti asawerame. Madzi ayesedwe ndi dzanja labwino kapena ndi womthandiza, cifukwa ciwalo cakufa dzanzi sicimva kutentha. Cenjezo limeneli likhudzanso odwala shuga, amene mapazi ao angapse kapena kulasidwa ndi minga iwo osadziwa.

Moto ndi cakudya

Mbaula ndi bwenzi m'miyezi ya Juni ndi Julai, koma malasha oyaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Mbaula isagone m'cipinda ca wodwala, ndipo isaikidwe m'njira imene amadutsa. Amene ali ndi khunyu, kapena okalamba amene ayamba kuiwalaiwala, asasiyidwe okha pafupi ndi moto kapena citsime. Mankhwala akumwa asungidwe padera, kutali ndi palafini ndi mankhwala a m'munda.

Pakudya, wodwala akhale tsonga, pakuti sitiroko kawirikawiri imasokoneza kumeza. Ngati akutsamwa kapena kutsokomola pomwa madzi, uzani a cipatala msanga. Supuni yokulungidwa nsalu pa cogwirira cace imagwirika bwino ndi zala zofooka, ndipo kansalu konyowa pansi pa mbale kamailetsa kuthawathawa. Ena odwala sitiroko saona kapena sazindikira zinthu za ku mbali yofooka, mwakuti amadya ndiwo za mbali imodzi ya mbale. Si mwano kapena cibwana. Ndi matenda, ndipo afunika kukumbutsidwa mofatsa kutembenuza mutu.

Ngozi yaciwiri: cifundo copitirira

Mwambo wathu umatiphunzitsa kuti wamkulu sagwira nchito ana alipo, ndipo wodwala amacitiridwa zonse. Mtima umenewu ndi wabwino, koma uli ndi ngozi yace. Bambo amene angathe kudzidyetsa ndi dzanja limodzi, akamadyetsedwa tsiku ndi tsiku, dzanjalo limaiwala nchito ndipo mtima wace umagwa. Mai amene angathe kusadzula ndiwo kapena kusenda nyemba atakhala, akauzidwa kuti angogona, amayamba kudziona ngati katundu pa ana ace. Ubongo wobvulala umaphunziranso mwa kubwereza nchito, makamaka m'miyezi yoyamba. Tsono colinga ca kukonza nyumba si kumangira wodwala khola lotetezeka, koma kumtsegulira njira yakuti acite zambiri payekha popanda kubvulala.

Lamulo lace ndi ili: cimene angathe, acite yekha, ngakhale mocedwa, cimene angathe pang'ono, mthandizeni pang'ono, cimene sangathe konse, mcitireni mwaulemu. Pobvala malaya, dzanja lofooka ndilo liyambe kulowa, ndipo pobvula likhale lotsiriza kutuluka. Pomdzutsa, musamkoke dzanja lofookalo, pakuti phewa lace limaguluka msanga ndi kusiya ululu wa nthawi yaitali. Ndipo mpando wace usabisidwe ku cipinda. Uikidwe pakhonde kapena pamthunzi, pamene angaone odutsa, kulandira alendo ndi kuweruza nkhani za pabanja monga kale.

Kumbukiraninso kuti nyumbayo ndi yace. Musasunthe bedi lace kapena kutaya mkeka wace osamfunsa. Kusintha kumene wodwala sanabvomere sikukhalitsa, ndipo kwa amene ali ndi bvuto la maso, kusuntha katundu mwakacetecete kungathe kumgwetsa.

Tiyambire pati?

Safunsa anadya phula. Wodwala asanatuluke, funsani anamwino kapena a physiotherapy kuti akuonetseni kadzutsidwe ndi kayendetsedwe kace, ndipo funsani ngati cipatalaco ciri ndi wa occupational therapy. Afotokozereni za nyumba yanu monga iriri: masitepe angati, cimbudzi ca mtundu wanji, madzi mumatunga kuti. Zithunzi za pa foni ndi miyezo ya makomo zingawathandize kukulangizani ngakhale sanafike kwanu. Amene mukhala m'nyumba ya lendi, kambiranani ndi mwini nyumba musanakhome kanthu ku khoma, ndipo yambani ndi zinthu zosunthika monga mipando ndi mitengo ya panja. Dziwaninso kuti dziko la Zambia linabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010, ndipo mu 2012 linakhazikitsa lamulo la Persons with Disabilities Act. Bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities ndilo limalembetsa anthu olemala, ndipo kumeneko mungafunse za thandizo limene lilipo.

Zambiri zimene tachula pano sizifuna ndalama zoculuka. Zifuna mmisiri wa matabwa, anyamata awiri ndi khasu, ndi munthu mmodzi wa maso openya. Mutu umodzi susenza denga: wodwazika nayenso amatopa, msana umamuwawa, ndipo afunika omlandira kuti apumule. Tsono inu amene mumapita kukaona odwala Lamulungu masana, mutapereka moni ndi kamba amene mwanyamula, pemphani cilolezo kuti muyende kucokera pa bedi la wodwala kufika ku cimbudzi, mukuyang'ana pansi. Cimene mudzapeza m'njiramo, cikonzeni sabata lomwelo. Patapita mwezi yendaninso, pakuti wodwala akamapeza mphamvu, kapena zikamacepa, zosowa zace nazonso zimasintha.