Mwana Akasintha Mpingo ku Lusaka, Ubale Usathe

Tsiku ndi tsiku mabasi ocokera ku Chipata, Lundazi, Katete ndi Petauke amatula anthu pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka. Ambiri mwa iwo ndi anyamata ndi atsikana odzafuna nchito kapena maphunziro, ndipo ena amanyamula kalata ya akulu a mpingo kumudzi yoti akapereke ku mpingo wao wa m'tauni. Pakapita caka makolo amamva kuti kalata ija idakali m'cikwama ndipo mwana akupemphera kwina. Nkhani yotere yadanitsa mabanja ambiri, kufikira makolo ena kulumbira kuti mwanayo asadzapondenso pakhomo pao. Mkwiyo wao ndi womveka, koma cilango cotero cimaononga zambiri kuposa zimene cimakonza.

Coyamba, nkoyenera kukumbukira kuti umene ukuchedwa mpingo wa makolo lero unali wacilendo dzulo. Amishoni a Dutch Reformed anamanga Magwero m'caka ca 1899, Madzimoyo mu 1903 ndi Nyanje mu 1905. A Anglican anakhazikika ku Msoro, Akatolika ku Minga. Iwo asanafike, anthu ankapereka nsembe pa kacisi, kupempha mvula kwa Cauta kupyolera mwa mizimu ya makolo, ndipo anyamata ankakulira ku dambwe. Amene anayamba kubatizidwa anali ana osiya cipembedzo cimene analeredwa naco, ndipo ena a iwo anakwiyitsa makolo ao monga momwe ana a lero akucitira. Komanso kale munthu sankasankha mpingo. Wobadwira pafupi ndi Nyanje ankakhala wa Dutch, wobadwira pafupi ndi Msoro wa Anglican, cifukwa sukulu ndi cipatala zinali m'manja mwa mishoni ya dera lakelo.

Ku Lusaka zinthu sizili conco. Munthu wokhala ku Kabwata ali ndi parishi ya Katolika ya Good Shepherd, chalichi ca Kabwata Baptist ndi ena ambiri pa mtunda woyenda pansi. Kuyambira pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, mipingo yatsopano ya Cipentekoste yaculuka kwambiri, ina ya nyumba zazikulu monga Bread of Life, ina yongobwereka kalasi ya sukulu tsiku la Sande. Kalembera wa anthu wa 2010 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, 20 anali Akatolika ndipo 75 anali a mipingo ina ya Cikristu. Izi zikuonetsa kuti otaya Cikristu ceniceni ndi ocepa. Ambiri amene akunenedwa kuti atayika angosintha nyumba yopemphereramo.

Nanga cimawacotsa nciani? Kawirikawiri ndi kusungulumwa. Mtsikana wogwira nchito ya m'nyumba ku Kabulonga kapena ku Woodlands amapatsidwa maola ocepa tsiku la Sande, ndipo amapita kumene mnzake wamuitanira. Mnyamata wogona kwa acibale ku Chelstone, amene wazungulira miyezi isanu ndi umodzi osapeza nchito, amakhazikika kumene am'funsa dzina ndi kum'pempherera. Ena amatsata mwamuna kapena mkazi pa ukwati. Enanso amafuna macilitso, ndipo njala imeneyi siinayambe lero. Emmanuel Milingo, mwana wa ku Chipata amene anali Arkibishopu wa Katolika mu Lusaka kuyambira 1969 mpaka 1983, ankasonkhanitsa makamu a anthu pa mapemphero a macilitso, mpaka akulu ake anamuitanira ku Rome. Mu 1993 gulu la Grace Ministries linatuluka mu United Church of Zambia, ndipo mu 2001 abusa ena a Reformed Church in Zambia anacoka nayambitsa Bible Gospel Church in Africa, atasiyana maganizo ndi anzao pa kapempheredwe. Ngati abusa ophunzira analephera kumvana pa nkhani imeneyi, si cilungamo kusenzetsa mlandu wonse mwana wa zaka 19.

Mipingo yakale nayo ili ndi gawo lake pa mlanduwu. Akulu a mpingo kumudzi amalemba kalata napereka m'manja mwa mwana, basi nchito yatha. Masiku ano pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi foni. Cikadakhala cinthu capafupi kuti mkulu wa mpingo ku Nyanje aimbire mnzake wa ku Lusaka, kumuuza dzina la mwanayo ndi komboni imene wafikira, kuti amai a Cigwirizano kapena acinyamata akam'cezere sabata yoyamba. Nkhosa yopanda woiyang'anira imatsata aliyense woiitana.

Kukakamiza sikunabweze munthu ndi kale lonse. Ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa munthu aliyense ufulu wa cipembedzo, kuphatikizapo ufulu wocisintha. Anthu a kum'mawa akukumbukira caka ca 1972, pamene a Mboni za Yehova zikwizikwi anathawa ku Malawi nadzakhala ku msasa wa Sinda Misale, atalola kutaya nyumba ndi minda m'malo motaya cikhulupiriro cao. Akukumbukiranso 1964, pamene mkangano wa otsatira mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ndi boma unaphetsa anthu oposa 700 ku Chinsali ndi Lundazi. Ngati moto ndi mfuti zinalephera, mau aukali a bambo sangapambane. Amangotseka khomo limene mwana akadabwerera nalo.

Komabe si kusintha konse kumene kuli kwabwino, ndipo apa makolo ali ndi ufulu wonse wofunsa. Cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Pali mafunso anai oyenera kufunsa mofatsa. Kodi mwanayo akutumizabe thandizo la feteleza ndi la sukulu ya ang'ono ake, kapena malipiro onse akuthera ku zopereka zimene akuti ndi mbeu ya madalitso? Kodi akumwabe mankhwala a kucipatala, makamaka ma ARV ndi a matenda a shuga, kapena wauzidwa kuti wacira ndipo awataye? Kodi akubwerabe ku maliro ndi ku maukwati a abale? Kodi akulemekeza agogo ake, kapena mneneri wina wamuuza kuti agogowo ndiwo am'tsekera mwai? Kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'malamulo a Zambia, kaya wochulayo ndi sing'anga kaya wavala suti nanyamula Baibulo. Mpingo umene ukulekanitsa mwana ndi mankhwala kapena ndi mtundu wake ndi woopsa, ndipo pamenepo amalume ndi ankhoswe asazengereze kulowererapo. Koma ngati mwana wasiya mowa, akugwira nchito mokhulupirika ndipo akusamala kwao, makolo apindula mwana, ngakhale mpingo wao watayapo dzina limodzi m'buku.

Anyamata ndi atsikana nao aphunzire ulemu. Kucoka mwakacetecete, makolo nkumvera kwa apaulendo, ndiko kumawawa koposa kusintha kwenikweniko. Wofuna kusintha ayambe wauza makolo ndi akulu a mpingo wake wakale, afufuze ngati mpingo watsopanowo ndi wolembetsedwa ku boma, ndipo aleke kunyoza nyimbo ndi mapemphero amene anamulera. Safunsa anadya phula.

Nkhani imeneyi imafika poipa pa tsiku la maliro, pamene thupi latsitsidwa kumudzi ndipo abusa awiri akulimbirana ulaliki pamaso pa anamfedwa. Mafumu ndi akulu a mipingo angapewe manyazi amenewa mwa kugwirizana pasadakhale kuti mpingo umene womwalirayo ankapempherako ndiwo utsogolere, ndipo mpingo wa banja upatsidwe nthawi ya pemphero ndi nyimbo. Mabanja akambirane zimenezi anthu adakali moyo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma kwao kumakhalabe kwao, ndipo nchito ya makolo ndi kusunga khomo lotseguka.