Kamera yathu ilibe mlandu, tiphunzire kaye shutter



Chionereni kanema wa masewero a teremu yatha, ambiri akuti tisonkhe ndalama tigule kamera ina. N'zoona kuti kanemayo sanatuluke bwino. Othamanga akungooneka ngati utsi, mpira osadziwika komwe ukulowera. Koma tisafulumire kupisa m'matumba a makolo amene fizi yomwe akuipeza movutikira. Vuto lili ndi ife ojambula, amene timangosiya kamera pa Auto.

Kamera imagwira ntchito ngati diso lophethira. Pa kanema wamba imatenga zithunzi 25 pa sekondi imodzi, ndipo shutter ndiyo imalamula kutalika kwa nthawi imene kuwala kumalowa pa chithunzi chilichonse. Mukaika 1/50, zimakhala bwino pojambula shehe akupereka ulaliki. Koma mnyamata wothamanga amakhala atasuntha kale m'kanthawi kameneko, n'chifukwa chake amatuluka mbuu. Sankhani S kapena Tv pa kamera, muike 1/500 kapena 1/1000. Mwendo ndi mpira zidzaoneka bwinobwino, moti mphunzitsi wa masewero atha kuimitsa kanema n'kuona amene wayamba kufika pamzere.

Liwiro limeneli lili ndi zovuta zakenso. Pa 1/500 kumalowa gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a kuwala kumene kumalowa pa 1/50. Dzuwa likamaswa mtengo palibe chodandaulitsa, koma chiperoni chikaphimba phiri chithunzi chimada. Pamenepo mumakweza ISO, ngakhale kuti ikachuluka imabweretsa timadontho tonga mchenga. Komanso kanema wa 1/1000 amayenda modukizadukiza, choncho pa mpira wa miyendo yesani kaye 1/250. M'holo moyaka mababu bwererani pa 1/50 kapena 1/100, chifukwa magetsi a kuno kwathu ndi a 50 Hz ndipo manambala ena amachititsa kanema kuthwanima.

Zonsezi sizingalowe m'mutu kamera itatsekeredwa m'kabati. Akomiti ena amati kamera ndi amana, ana angaiwononge. Nkhawa yawo ndi yomveka. Koma chinthu chimene Asilamu anasonkhera kuti chiphunzitse ana, chikangokhala mpaka batire kufa, sitinganene kuti tachisunga. Tikumbukire kuti Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra, analemba buku lake la zakuwala ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo atachita kuyesa yekha m'chipinda chamdima.

Pempho langa ndi lakuti Loweruka lililonse ophunzira angapo aziitenga kamera pamodzi ndi mphunzitsi, atasainira m'buku. Ajambule njinga ya kabaza ikudutsa pa 1/50, 1/250 ndi 1/1000, kenako afanizire okha. Asanajambule munthu aliyense, makamaka atsikana pa netibolo, ayambe apempha chilolezo.

Tili ndi poyesera luso pafupi pomwepa. Porters Race imayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudzera ku Lichenya n'kutsikiranso ku Likhubula, mtunda woposa makilomita 20. Tipemphe okonza mpikisanowu kuti ana athu akajambule othamanga akutsetsereka pamiyala. Kanema ameneyo akadzatulukanso mbuu titaphunzira shutter, insha Allah ndidzakhala woyamba kusonkha ya kamera yatsopano.