KUTENTHA KWA KU MGONA: CHENJEZO LOKHA SILIKWANA

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2023, Nthambi ya Boma yoona za nyengo inachenjeza mtundu wonse kuti kukudza kutentha koopsa, kofika madigiri 44 ku Chigwa cha Shire. Inalangiza anthu kuti azimwa madzi ambiri, azikhala pamthunzi, ndiponso aleke ntchito zolemetsa dzuwa likafika paliwombo. Malangizowo ngabwino ndithu, ndipo Nthambiyo iyenera kuyamikidwa. Koma nkofunika kufunsa ngati munthu wokhala ku Mgona, mu mzinda wa Lilongwe, ali nazo zomuyenereza kuwatsata.

Lilongwe uli pamalo okwera, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, kotero sutentha monga Nsanje kapena Chikwawa. Komabe madigiri amene amalengezedwa pa wailesi amayesedwa pamthunzi, pamalo opita mphepo. M'nyumba ya ku Mgona muli zina. Nyumba zambiri nzothithikana, zofolera ndi malata opanda siling'i, ndipo mazenera ake aang'onowo amatsekedwa usiku poopa akuba ndi udzudzu. Malata amatentha usana wonse, makoma nasunga kutenthako kufikira pakati pa usiku. Tsono kuuza mayi wa khanda kuti abisale m'nyumba yotere ndiko kumchotsa pamoto ndi kumuika m'ng'anjo.

Kuleka ntchito masana nakonso nkovuta. Anthu ambiri anadzakhala ku Mgona chifukwa cha kuyandikira kwa mafakitale a ku Kanengo. Wosenza matumba pa ganyu, wopalasa kabaza, ndi mayi wogulitsa pamsika, onsewa amadya za tsiku lomwelo. Akapuma masana, madzulo mphika sukhala pamoto.

Wina asayese kuti ili ndi vuto la chaka chimodzi. Bungwe la za nyengo la United Nations linatsimikiza kuti chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse chiyambire kulemba kaundula wa nyengo. M'chaka chomwecho, mwezi wa Malichi, Pulezidenti wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya chilala. Dziko likutentherabe, ndipo Okutobala ndi Novembala wa ana a lero adzakhala woŵaŵa kuposa wa makolo awo.

Pamene Likulu linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, amene anajambula mzindawu anafuna kuti ukhale wa mitengo ndi mabwalo. Ku Area 10 ndi Area 43 maganizo amenewo akuonekabe. Koma anthu anachuluka msanga kuposa mapulani, kotero kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzindawu. Ambiri a iwo ali ku Mgona, Chinsapo, Mtandire ndi malo ena otere, kumene malo a mtengo anasanduka malo a chipinda cha lendi. Dzuwa ndi limodzi, koma mthunzi sunagawidwe mofanana.

Madzi nawo ali ndi nkhani yake. Mabanja ambiri a ku Mgona amagula madzi pa ndowa kumipopi ya onse, ndipo nyengo yotentha ndiyo imene mzere umatalika. Madziwo amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake lili m'nkhalango ya Dzalanyama. Nkhalango yomweyo ndiyo yakhala ikuotchedwa makala ophikira mu mzinda, ndipo ogula si osauka okha. Ambaula ali ngakhale m'nyumba za anthu olandira malipiro a Boma. Thumba lililonse la makala osaloledwa limachepetsa madzi amene mwana wa ku Mgona akalimbana nawo ndi ludzu.

Mizinda ina yaonetsa kuti mankhwala ake si a mtengo wapatali. Mzinda wa Ahmedabad ku India unakhazikitsa dongosolo lolimbana ndi kutentha m'chaka cha 2013, ndipo pambuyo pake unayamba kupaka madenga a osauka utoto woyera kapena laimu, pakuti choyera chimabweza kuwala kwa dzuwa. Mzinda wa Freetown ku Sierra Leone unasankha mkulu woyang'anira za kutentha m'chaka cha 2021, ndipo unafolera misika ina kuti amayi ogulitsa apeze mthunzi. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ingathe kuphunzirapo.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito iyi ili ndi eni ake ambiri. Popeza okhala pa lendi sangasinthe denga losakhala lawo, Khonsolo ndi mafumu ayenera kukambirana ndi eni nyumba za kupaka malata ndi kusiya mpata wa mphepo pamwamba pa khoma. Lilongwe Water Board iyenera kuonetsetsa kuti mipopi ya m'madera otere ndiyo yotsiriza kuuma m'miyezi yotentha. Alangizi a zaumoyo aphunzitse mabanja kuzindikira zizindikiro zoopsa, monga chizungulire, kulefuka ndi kusokonezeka mutu, makamaka kwa makanda, okalamba ndi amayi oyembekezera.

Aphunzitsi ali ndi gawo lalikulu. Mphunzitsi wamkulu angathe kuika ndowa ya madzi akumwa pakhomo la kalasi iliyonse ndi kuchititsa masewera m'mamawa. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, koma mbande zambiri zimafa m'chilimwe chotsatira chifukwa chosowa mwini. Nkwabwino kuti kalasi iliyonse ipatsidwe mitengo yakeyake, monga mango, mtangatanga kapena mbawa, niitchingire mbuzi ndi kuithirira. Ndipo maofesi olandira malipoti a sukulu aleke kufunsa chiwerengero cha mbande zodzalidwa mu Januwale chokha. Afunsenso kuti yamoyo ndi ingati pofika kumapeto kwa Novembala.