Mkulu akati "menyani", n'chifukwa chiyani timamvera?

Anzanga a ku sekondale, mukamva kuti magulu awiri ayambana pa nkhani ya chipembedzo, musathamangire kunena kuti vuto ndi chikhulupiriro. Ine ndikuti yambani mwaona amene waima kutsogolo, ndi zomwe akuwauza anthu ake.

Mu 1961, katswiri wa za maganizo a anthu, Stanley Milgram, wa ku yunivesite ya Yale ku America, anauza anthu wamba kuti azimenya munthu wina ndi shoko ya magetsi akalakwitsa yankho. Shokoyo inali yabodza, koma iwo sankadziwa. Anthu 26 mwa 40 anapitiriza mpaka pa mphamvu yomaliza ya 450 volts, munthu uja akumveka kukuwa. Chifukwa? Bambo wovala ngati wasayansi ankangoti apitirize.

Zoterezi zinachitikanso kwathu kuno, koma osati zoyeserera. Dr Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, ankaphunzitsa ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. A Mboni za Yehova ankakana kugula khadi la chipani cha MCP, ati chikhulupiriro chawo sichilola ndale. Boma linawaletsa mu 1967, ndipo mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, ena anafa, masauzande nathawira ku Sinda Misale ku Zambia. Chiletsocho chinatha mu 1993.

Taonani apa: mbali zonse ziwiri zinkamvera ulamuliro. A Mboni ankamvera mpingo wawo, a Youth League ndi apayoniya ankamvera chipani. Koma omwe anagwira zibonga ndi aja anauzidwa ndi akuluakulu kuti mnansi wawo ndi mdani wa dziko. Munthu akamva choncho, mlandu saumvanso mumtima, amangoti "ndatumidwa".

Mwina muti, ndiye tisiye kumvera akulu? Ayi ndithu, mawu a akulu akoma akagonera. Paja ndi atsogoleri achipembedzonso, mabishopu a Katolika, omwe kalata yawo ya pa 8 Marichi 1992 inalimbitsa mtima Amalawi kudzudzula nkhanza. Vuto ndi kumvera kosafunsa.

Milgram anapezanso china chomwe ine chimandipatsa mphamvu. Pamene anzake awiri a munthu woyesedwayo anakana kupitiriza iye akuona, anthu 4 okha mwa 40 ndiwo anafika kumapeto. Kukana nakonso kumapatsirana.

M'maesiteti a fodya kuno, Mchewa, Mtumbuka ndi Mlomwe amasoka fodya m'chigafa chimodzi. Wina wa CCAP, wina Msilamu, wina wa Gule Wamkulu. Tsiku lina wina wamkulu, kaya wandale, kaya wa kumpingo, adzakuuzani kuti awo si anzathu. Mudzamufunse kuti alakwa chiyani, ndipo mudzafunse mokweza kuti mnzanu wa pambali amve.